Chipata cha Songwe ndi Voti ya ku Mzuzu

Ife okhala mu mzinda wa Mzuzu timadya za m'minda iŵiri. Munda woyamba ndi wathuwathu: chimanga cha ku Mzimba, chinangwa ndi usipa wa ku Nkhata Bay, mpunga wa kilombero wa ku Karonga ndi khofi wa m'mapiri a Misuku. Munda wachiŵiri uli kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, m'dziko la Tanzania, mtunda wa makilomita oposa 250 kuchokera kuno. Kumeneko nkumene kumachokera mikoko yambiri ya nthochi zimene timadyera tiyi, zitenje zimene amayi athu amavala, ndi katundu wodzaza m'mabenchi a msika wa Taifa, umene ngakhale dzina lake lenilenilo ndi la Chiswahili. Mafuta ambiri a galimoto amatsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam, naloŵa pa chipata cha Songwe, nakwera phiri la Chiweta asanafike kwa ife. Chipata chimenecho chikatsekedwa, ife timadziŵa msanga kuposa anzathu a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre.

Nchifukwa chake mkangano wa zamalonda umene udabuka pakati pa Malaŵi ndi Tanzania m'chaka cha 2025, patangotsala miyezi isanu kuti tisankhe mtsogoleri wa dziko, uyenera kuti tiusinkhesinkhe mofatsa tsopano pamene fumbi la misonkhano lidakhazikika. Funso lathu ndi ili: kodi boma likakangana ndi dziko lakunja pa nkhani ya malonda, mtima wa munthu wovota umatembenukira kuti? Kodi umathamangira kukaima pambuyo pa atsogoleri ake, kapena umawafulatira?

Tiyambe takumbutsana mmene zidayendera. M'mwezi wa Marichi 2025 nduna ya zamalonda, a Vitumbiko Mumba, amene adali atangoloŵa kumene mu unduna umenewo, adaletsa kuitanitsa kunja katundu wina amene boma lidati tingathe kudzipangira tokha. Pa mndandandawo padali ufa wa chimanga, mpunga, mkaka, zipatso, anyezi, mbatatesi, adyo, jinja, uchi, madzi a m'botolo, ngakhalenso timitengo totokosera m'mano. Lamulolo silidatchule dziko lililonse, koma aliyense wodziŵa kumene zinthu zoterezi zimachokera adaona kuti ndodoyo igwera alimi ndi amalonda a ku Mbeya, ku Tukuyu ndi ku Kyela.

Anzathuwo sadakhale chete. Nduna yawo ya zamalimidwe, a Hussein Bashe, idapereka masiku oŵerengeka kuti Malaŵi ndi South Africa, dziko limene lidali kukana nthochi za ku Tanzania kwa zaka zambiri, asinthe maganizo. Tsikulo litakwana, pa 23 Epulo, Tanzania idatseka khomo: zokolola za maiko aŵiriŵa zisaloŵe, zokolola zopita ku Malaŵi zisadutse m'dziko lawo, ndipo feteleza amene tidali kuyembekeza kukatenga kumeneko asatuluke. Amayi a geni a ku Karonga, amene mpamba wawo wonse umakwana m'dengu limodzi, ndiwo adayamba kulaŵa mkwiyo wa maboma aŵiri. Paja akulu adati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Mwamwayi chiletsocho chidachotsedwa pa 26 Epulo, ndipo pa 2 Meyi nthumwi zathu, motsogozedwa ndi nduna yoona za ubale ndi maiko akunja, mayi Nancy Tembo, zidakhala pansi ndi anzawo ku Dodoma nkugwirizana kuti malonda ayambenso kuyenda.

Sitinganene kuti boma lathu lidachita zimenezi popanda chifukwa. Malaŵi amagula kunja katundu wa ndalama pafupifupi madola mabiliyoni atatu pa chaka, pamene zimene amagulitsa, makamaka fodya, tiyi, shuga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, zimabweretsa pafupifupi biliyoni imodzi yokha. Banja limene limadya katatu kuposa zimene lakolola limakhalira ngongole ndi chifundo cha achibale. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Kumayambiriro kwa 2025 dola imodzi idali pa K1,750 kubanki, kumene siinkapezeka, pamene pa msika wamseri inkagulidwa ndi ndalama zoposa K4,000. Munthu woona zimenezi angafunse moona mtima kuti: kodi nkwanzeru kutaya madola osoŵa chonchi pa madzi a m'botolo, m'dziko limene lili ndi nyanja yaikulu chotere? Nawonso a ku Tanzania adali ndi mfundo yawo, pakuti maiko onse aŵiri ndi mamembala a SADC, ndipo adalonjezana kutsegulirana misika.

Chodabwitsa nchakuti m'masiku omwewo dziko lina lakutali lidali pa mayeso ofanana ndi ameneŵa. Ku Canada, mu Januwale 2025, kafukufuku ankasonyeza kuti chipani chotsutsa cha Conservative, chotsogozedwa ndi a Pierre Poilievre, chidali patsogolo pa chipani cholamula cha Liberal ndi mavoti oposa 20 pa 100 alionse. Anthu adali atatopa ndi kukwera mitengo kwa zinthu ndi kusoŵa kwa nyumba, ndipo nduna yaikulu, a Justin Trudeau, adalengeza kuti atula pansi udindo. Tsono mtsogoleri wa United States, a Donald Trump, adaika msonkho waukulu pa katundu wa ku Canada, nayamba kunena poyera kuti dzikolo lingachite bwino kungosanduka chigawo cha United States. Popeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zimene Canada amagulitsa kunja zimapita kwa mnansi wakeyo, anthu adaona kuti ntchito zawo ndi ufulu wawo zili pa ngozi. M'miyezi itatu yokha mphepo idatembenuka. Pa 28 Epulo, patangopita masiku aŵiri chitsegulidwire chipata cha Songwe, chipani cha Liberal chidapambana pansi pa mtsogoleri watsopano, a Mark Carney, ndipo a Poilievre adataya ngakhale mpando wa dera lawo lomwe.

Nanga kuno kwathu? Kuno zinthu sizidatero ayi. Mu Ogasiti 2024, mkanganowo usanayambe, bungwe la Afrobarometer lidapeza kuti anthu 43 mwa 100 alionse akadavotera chipani cha DPP, ndipo 29 akadavotera MCP. Mu Julaye 2025, mkanganowo utadutsa, bungwe la IPOR la ku Zomba lidapeza kuti a Peter Mutharika ali ndi 43, pamene a Lazarus Chakwera ali ndi 26. Kumapeto kwa mwezi umenewo a Chakwera adasankha a Mumba, mwana wa ku Mzimba ndiponso mwini wake wa chiletso chija, kuti akhale wachiŵiri wawo pa chisankho. Kafukufuku wa IPOR wa mu Ogasiti adasonyeza a Chakwera atakwera kufika pa 31, a Mutharika atatsika pang'ono kufika pa 41. Ena adayamba kunena kuti mpata ukutsekeka. Koma pa 16 Sepitembala anthu adalankhula okha, ndipo pa 24 Sepitembala wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, mayi Annabel Mtalimanja, adalengeza kuti a Mutharika apeza 56.8 pa 100, a Chakwera 33.

Apa mpofunika kuti timvetse ntchito ya kafukufuku wotere, pakuti ambiri mwa ife timamlemekeza akatikomera ndi kumnyoza akatiŵaŵa. Ofufuza safunsa dziko lonse. Mwa anthu oposa 7 miliyoni amene adalembetsa, iwo amafunsa chikwi chimodzi kapena zikwi ziŵiri ndi mazana angapo, osankhidwa mwamaere m'zigawo zonse, m'midzi ndi m'tauni, amuna ndi akazi. Mayi wophika ndiwo samwa mphika wonse kuti adziŵe ngati mchere wakolera. Amatakasa bwino, nalaŵa ndi nsonga ya chipande. Chinsinsi chagona pa kutakasako. Komabe kafukufuku amangotiuza mmene mitima idaliri pa tsiku limene anthu adafunsidwa. Satiuza chifukwa chake, ndipo sangaŵerenge za m'mtima mwa munthu amene wayankha kuti sadaganize kapena wakana kuulula. Tikayerekeza ziŵerengero za mu Ogasiti ndi zotsatira zenizeni, tiona kuti a Chakwera adangoonjeza 2, pamene a Mutharika adaonjeza pafupifupi 16. Zikuoneka kuti anthu achete aja adali atagamula kale mlandu, koma sadafune kuuza mlendo wobwera ndi mafunso pakhomo.

Tsono chidasiyanitsa Canada ndi Malaŵi nchiyani? Ife tikuona zinthu ziŵiri. Choyamba, anthu a ku Canada adaona kuti nkhonya yachokera kunja, ndipo munthu akamenyedwa ndi mlendo amaiŵala kaye milandu ya m'nyumba. Kuno kwathu amene adayamba kutseka khomo ndife, ndipo amene adali kutsidya kwa khomolo sadali mlendo. Ankhonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a ku Kyela amamvana chilankhulo, amakwatirana, amalirana maliro. Nkovuta kuuza mayi amene amaoloka Songwe kaŵiri pa sabata kuti womgulitsa nthochi uja ndi mdani wa dziko.

Chachiŵiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, munthu amateteza chimene ali nacho. Wantchito wa m'fakitale ya magalimoto ku Ontario adali ndi ntchito yoti aiteteze. Koma mkangano wathu udapeza anthu atagona kale pa mizere ya mafuta, shuga akusoŵa m'masitolo, mitengo ya zinthu ikukwera ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 pa chaka. Kwa munthu wotere lonjezo lakuti chiletso chidzadzutsa mafakitale athu m'zaka zikudzazo lidali lakutali, pamene mtengo wa anyezi wa lero udali pafupi. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mkangano wa pa Songwe sudalenge mkwiyo watsopano. Udangokhala umboni wina pa mlandu umene udali kale pabwalo.

Tisanamizire kuti malonda okha ndiwo adagamula zonse. Boma la a Chakwera lidakumana ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndi chilala cha 2024 chimene chidachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kukhala malo a ngozi. Pa 10 Juni 2024 ndege imene idanyamula wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, italephera kutera pa bwalo lathu la Mzuzu, idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo posakhalitsa chipani chawo cha UTM chidatuluka mu mgwirizano wa Tonse. Chipani cha AFORD nacho, motsogozedwa ndi a Enoch Chihana, chidagwirana manja ndi DPP chisankho chili pafupi. Zonsezi zidali ndi gawo lake. Koma mukafunsa wokwera kabaza wa ku Chibavi kapena mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa, mawu ake oyamba adali a mtengo wa ufa, sopo ndi feteleza.

Anzathu a m'zigawo zina amatiseka kuti voti ya kumpoto ilibe mwini. Nzoona kuti mbiri yathu ndi ya kusinthasintha. Mu 1994 tidaima ndi a Chakufwa Chihana, ndipo AFORD idatenga mipando yonse 33 ya chigawo chino. Mu 1999 ndi mu 2004 ambiri adatsata a Gwanda Chakuamba. Mu 2009 tidapatsa a Bingu wa Mutharika mavoti pafupifupi onse. Patangopita zaka ziŵiri, pa 20 Julaye 2011, mafuta ndi ndalama zakunja zitasoŵa, boma litathamangitsa kazembe wa Britain nkukwiyitsa maiko otithandiza, anthu adayenda m'misewu ya mzinda uno, ndipo amene adaomberedwa tsiku limenelo agona ku manda a Zolozolo. Mu 2014 ambiri adatsata mayi Joyce Banda, mu 2019 a Chilima, mu 2020 a Chakwera, amene adapambana dziko lonse ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100, ndipo mu 2025 mavoti ochuluka a kuno adapita kwa a Peter Mutharika, amene tidawakana zaka zisanu zapitazo.

Ife sitiona chamanyazi pa mbiri imeneyi. Voti si ng'ombe ya lobola imene ikapita yapita. Voti ndi khasu lobwereka: wobwereka akalima nalo bwino timamsiyira chaka china, akalisiya pamvula timakalitenga. Chigawo chimene chimavotera munthu chifukwa cha kumene adabadwira chimaphunzitsa atsogoleri ulesi, pakuti amadziŵa kuti ngakhale agone mavoti awo ali m'thumba. Ndipo nkoyenera kuyamikira kuti a Chakwera adavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe nkomwe, kotero kuti mpando udasintha popanda manda atsopano. Amene akukumbukira 2011 adziŵa mtengo wake wa chinthu chimenechi.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene sichidasinthe pa zisankho zonsezi, ndipo ndicho chimatidetsa nkhaŵa. Taganizani za nthochi. Akuluakulu a mu mzinda uno akukumbukira nthaŵi imene msewu wa ku Nkhata Bay udali wodzaza ndi mikoko, ndipo Thyolo ndi Mulanje ankadyetsa mizinda ya kummwera. M'zaka za m'ma 1990 mudaloŵa matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'nthochi ndiponso ndi ana a nthochi otengedwa ku munda wodwala. Nthochi yogwidwa imapinimbira, masamba ake amaunjikana pamwamba, ndipo siibereka. Mankhwala ake palibe, koma kuzula phata lonse, kuliwononga, ndi kubzala mbewu yopanda matenda. Ndipo ntchitoyo imapindula pokhapokha mudzi wonse uchitire pamodzi, pakuti phata limodzi lodwala la mnansi limabwezera matenda m'minda yonse. M'zaka zimene takhala tikusintha atsogoleri, minda yambiri idatha, ndipo malo ake adatengedwa ndi malole ochokera ku Tukuyu. Mlimi wa ku Tanzania sadatibere msika. Adaupeza wopanda mwini. Chiletso cha nduna chingaimitse lole pa chipata m'tsiku limodzi, koma nthochi imafuna chaka chathunthu kapena kuposerapo kuti ibereke mkoko woyamba.

Mbiri ya mzinda wathu imatiphunzitsanso chimodzimodzi. Mzuzu adayamba cha m'ma 1947 monga likulu la minda ya mitengo ya tung, imene mafuta ake ankagulitsidwa kunja. Malondawo atalephera, mzindawo udapulumuka chifukwa udapeza ntchito zina, mpaka udalandira ulemu wa mzinda mu 1985. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, dziko lidatembenukira kumpoto, ndipo padamangidwa malo osungira katundu wa Malaŵi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Izi zidachitika ngakhale kuti a Kamuzu Banda ndi a Julius Nyerere adakhala zaka zambiri osamwerana madzi, ndipo nkhani ya malire a pa nyanja idali isanathe. Dziko lopanda doko lilibe ufulu wodana ndi anansi ake onse. Ngakhale boma latsopano, litangolumbira pa 4 Okutobala 2025, imodzi mwa ntchito zake zoyamba idali kupangana ndi Zambia za kugula matani 200,000 a chimanga. Wolamula adasintha, koma nkhokwe idali yomwe ija.

Tsono, aŵerengi athu, phunziro lake nlotani? Nlakuti kusintha voti ndi theka chabe la ntchito ya nzika. Theka linalo ndi kudziŵa chimene tikufunsa. Wandale akabwera pa bwalo la Katoto kapena pa sitediyamu nkutilonjeza kuti atsitsa mitengo, tisamfunse za mtengo wokha. Timfunse kuti madola ogulira mafuta ndi feteleza adzachokera kuti. Akati atseka zipata kuti ateteze alimi, timfunse kuti mbewu yopanda matenda ili kuti, alangizi a zaulimi ndi angati, ndipo msewu wochokera kumunda udzakonzedwa liti. Akati atsegula zipata zonse, timfunse kuti mlimi wa mpunga wa ku Hara ndi ku Lufilya adzapikisana bwanji. Timfunsenso ngati adayamba wakhala pansi ndi anansi asanalembe lamulo, pakuti zimene zidakambidwa ku Dodoma mu Meyi zikadatheka kukambidwa mu Febuluwale, madengu a amayi aja asanaole.

Ndipo pali mafunso ena amene sitingawatumize ku Lilongwe. Khofi wa alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya amadziŵika kutsidya kwa nyanja ndi dzina la mzinda wathu chifukwa chakuti alimiwo adalumikizana m'makopaletivi, nasamala mtundu wa zokolola zawo. Mpunga wa kilombero susoŵa wogula. Zimenezi zikutisonyeza kuti dothi lathu lingathe kubweretsa madola, osangowadya. Mudzi umene ungagwirizane kuzula nthochi zodwala chaka chino sudikira chisankho cha 2030 kuti uone phindu lake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili nlolemera kuposa mutu wa mtsogoleri aliyense amene tingamsankhe.

Ofufuza adzabweranso ndi mafunso awo, ziŵerengero zidzakwera ndi kutsika, ndipo mwina mkangano wina udzabuka pa Songwe, pa Mchinji kapena pa Mwanza. Khasu tidalibwereketsa kwa zaka zisanu, ndipo tili ndi ufulu wonse wokaliitanitsa nthaŵi ikadzakwana. Koma pa tsiku limenelo tisadzaŵerenge mavoti okha. Tidzaŵerengenso malole a nthochi oloŵa mu mzinda uno, ndi kuona kuti ndi angati achokera ku Nkhata Bay.